Tsiku lomwe anachotsa gasi pa pikapu yanga

Pikapu ija ndinaigula kwa mzungu wina wa pamgodi ku Rustenburg, ili yokalamba kale. Ine ndinkangofuna chimodzi: ikandifikitse ku Dedza, amayi akaione asanatisiye. Zaka khumi ndi ziwiri ndili ku Joni, kwathu anali atayamba kunditchula mtchona.

Vuto linali petulo. Inkamwa ngati yabooka. Anzanga anandilozera kwa madala ena a ku Tete okhala ku Boitekong, amene ankasintha magalimoto kuti aziyendera gasi wonga wophikira uja. Sanali olankhulalankhula. Injini ankaimvetsera ndi sikuludiraiva, nsonga pachitsulo, chogwirira pakhutu, atatsinzina.

"Gasi ndi wotchipa, koma amayaka mouma," anandiuza. "Injini zakalezi mavavu ake amadyeka. Muzibwera nayo mwezi ndi mwezi."

Ndinavomera, ngakhale zipangizo zinandidyera malipiro a mwezi wathunthu. Koma ntchito yawo, abale, inali yosiririka. Thanki anaimanga kumbuyo ndi malamba achitsulo, polumikiza paliponse n'kupakapo madzi a sopo, kudikira ngati patuluke thovu. Miyezi inayi ndinayenda monyada, mpaka ku Moruleng kukanyamulira anthu nkhuku.

Mwezi wachisanu nditapita nayo, anaimvetsera injini nthawi yaitali. Pambali panali amuna awiri a mateksi, akudikira kuti nawonso awaikire gasi.

"Tichotse," anatero madala aja. "Mavavu ayamba kudyeka. Mukapitiriza, ndi pa Beitbridge pomwe simufika."

Ine ndi wa mtima wapachala. Ndinawafunsa mokweza ngati akuganiza kuti ndalama ndimathyola mumtengo. Iwo anangotenga masipanala n'kumasula ntchito yawo yomwe pamaso pa amateksi aja, amene anangoyang'anizana n'kuliza magalimoto awo, ulendo. Akanatha kundikokera pambali, kapena kungokhala chete, galimoto n'kukandifera panjira iwo kulibe. Thanki ija madalawo anaigula kwa ine.

Manyazi anadzandigwira pa Nyamapanda, Beitbridge nditaidutsa kalekale, injini ikulira bwinobwino pa petulo. Bambo aja ndimawalemekeza mpaka lero, ndipo chimandiwawa n'chakuti sindinawapepese.

Ku Dedza ndinafika mu Disembala. Amayi ndinawapeza atafooka, maso asakuonanso. Tinawanyamula mpaka pagalimoto. Anasisita boneti yotenthayo ndi manja onse awiri, kenako anandiuza kuti ndiilize, aimve.