Mpungabwi wa apongozi

Ndinanyamuka pa Mpingu cha m'ma 7 m'mawa, mtolo wa mpungabwi uli pamiyendo. Apongozi anga aamuna ku Kabudula anali atatha sabata akutsokomola. Mapiritsi a kuchipatala ankamwa ndithu, koma anatumiza mawu akuti akufunanso kufukiza, ndipo mankhwalawo abwere ndi mkamwini. Ndinathyola wabwino, wamaluwa oyera, kuti ukwati wanga ulimbe.

Wanjinga yamoto anati mpaka pa Nsaru ndi K5,000. Tili m'njira fungo linamupeza, n'kunena kuti kwawo udzudzu ukuwadya ngati ndiwo. Ndinamupatsa nthambi ziwiri. Mtengo sanatsitse.

Pa Nsaru ndinadya chimanga chootcha, kenako cha m'ma 10 ndinakwera kagalimoto ka anthu asanu ndi awiri, tilimo khumi ndi atatu. Apa m'pamene aliyense anakumbukira matenda ake. Mayi wina anati mwana wake ali ndi chimfine. Bambo wa chipewa anati mutu wawo umamva akafikisa masamba n'kununkhiza. Wina anapempha woti akaikire nkhuku yake yofungatira, ati utitiri waivuta. Dalaivala sanapemphe n'komwe, anangotembenuka galimoto ikuyenda n'kuzula yekha.

Agogo amene ndinakhala nawo anandiyetsemulira m'khutu njira yonse. Potsika anandiyang'ana mwachifundo.

"Kodi inu, mukayenda ndi mankhwala simugawa eti?"

Ndinagawa.

Ndinafika ku Kabudula dzuwa lili pamutu, m'manja muli tinthambi titatu, maluwa onse atayoyoka. Apongozi anali pamkeka pansi pa mango. Ndinagwada patali kuti ndipereke moni, koma m'malo mwa moni munatuluka kuyetsemula kanayi kotsatizana.

Anayang'ana tinthambito, n'kuyang'ananso mphuno yanga. Anauza alamu anga kuti awiritse madzi ndi kubweretsa bulangete.

"Lowani inuyo," anatero apongozi. "Ine chifuwa changa ndachizolowera. Mukafera kuno, kwanu adzati tinakulodzani."

Kukana apongozi sikutheka. Ndinagwada pa mphika wa nthunzi, thukuta lili kamukamu, iwo atagwira ngodya za bulangete kuti ndisathawe, uku akutsokomola pamwamba panga.

Mawa lake ndinabwerera ku Mpingu mphuno zili bwino, nditatumidwa mtolo wina. Umenewo poupititsa ku Kabudula ndinaukulunga m'thumba la feteleza, ndipo aliyense wofunsa ndinkamuuza kuti ndi chitedze.