Ndinavotera Wina Paphiri

Kunyumba za othyola tiyi ku Ruda, wokhala ndi foni ndinali ine ndekha. Mpikisano woimba wa pa TV utafika kumapeto, amayi akutchalitchi anandituma kuphiri, komwe kunkapezeka netiweki, kuti ndikavotere mtsikana wawo wa nyimbo zauzimu.

Ndinakweradi. Koma ndinavotera mnyamata wovinavina, katatu konse, chifukwa ankamwetulira bwino.

Mtsikanayo atagonja, amayiwo anakuwa kuti oweruza abera. Ine ndinakuwa kuposa onse, mpaka kuponya duku pansi.

"Musalire, achemwali," anatero Mayi Banda, mtsogoleri wathu. "Inu ndiye munativutikira."

M'mawa mwake ananditumizira mkoko wa nthochi, chaka chimene m'masitolo munalibe ngakhale buledi. Ndinalandira ndi manja awiri, ndipo zinakoma mochititsa manyazi.