Chikwanje cha a Gologolo

Anthu ankangowatchula a Gologolo, poti kuyambira ali mnyamata ntchito yawo inali imodzi: kukwera mitengo ya kokonati, kuthyola zipatso ndi kusadza masamba. Zaka makumi atatu ali m'mwamba, mapazi anachita kukhota. Eni minda ankawalimbirana, ndipo dzina labwinolo ndilo linali chuma chawo chonse.

Chikwanje chawo, chowasiyira bambo awo, sichinkakhudza madzi. "Chitsulo ukachitsuka chimachita dzimbiri," ankatero, n'kungochipukutira pa kabudula.

Chaka china mvula itachuluka, mitengo inayamba kudwala. Tsamba lanthete la kunsonga linkafota, ukalikoka n'kungozuka, kunsi kwake kutawola, kukununkha. Zipatso zinkayoyoka zisanakhwime, zitachita chuku. A Gologolo zinawawawa mumtima. Ankalawirira ku mitengo yodwala kukadula zowola zonse, kenako n'kupita kukasadza yabwinobwino kuti mphepo izidutsa. Kwa mlongo wawo wamasiye, amene ankalera ana podalira mitengo khumi ndi iwiri, ankapitako kawirikawiri, osalandira kanthu.

Koma matenda ankangowatsata m'mbuyo. Mitengo yopulumuka inali ya mlamu wawo, mlesi wotheratu, amene sanaitanepo wokwera aliyense. Dzikoli n'lokondera ndithu.

Mlangizi wa zaulimi atabwera, anasonkhanitsa eni minda. Anayendera mitengo, kenako anapempha kuona chikwanje cha a Gologolo.

"Bambo, mukadula mtengo wodwala, mumachitsuka ndi chiyani musanakwere wina?"

"Kutsuka? Ichi madzi sichiwadziwa," anayankha a Gologolo monyadira, pamaso pa anthu onse.

"Chuku chimenechi chimayenda ndi mvula ndi mphepo," anatero mlangizi, "komanso chimamatirira pa chitsulo. Mukatema mtengo wabwino, mumachibzala pabala."

Za mvula ndi mphepo palibe anazimva. Aliyense anamva za chitsulo basi.

"Mwaona, alamu?" anaseka mlesi uja. "Ine mumandinena, koma ulesi wanga ndi mankhwala."

Kuyambira tsiku limenelo palibe anawaitananso. Anthu omwe ankawanyengerera dzana ankangowapatsa moni wa patali. A Gologolo anagula mankhwala amene mlangizi anawauza, n'kukwecha chikwanje mpaka mbee. Dzimbiri silinabwere. Zimenezi zinawapweteka koposa, poti kanthu kakang'ono chotere akanatha kumachita zaka zonsezo.

M'mawa wina anapita kwa mlongo wawo, komwe kunatsala mitengo itatu. Mlongoyo anawachingamira pachipata, osatsegula.

"Achimwene, imani pomwepo."

"Ndachitsuka, achemwali. Taonani nokha."

"Ndaona. Koma yatsala itatu yokha. Ikafa imeneyi, ana anga adya chiyani?"

A Gologolo anakweza maso. Mumtengo wapakati munali kale munthu wina, mlendo wolipidwa, akukwera mwamantha ngati mwana wophunzira kuyenda. Anafuna kumukuwira kuti aponde bwino, koma mlongo wawo anali atatembenuka kale.