Tseka Chitseko, Wadih

Wadih Azar anayendetsa takisi mu Beirut zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo pa zaka zonsezo palibe anamuonapo akukangana ndi wokwera, wapolisi kapena dalaivala mnzake. Mumzinda umene munthu amakutukwanira amayi ako chifukwa choti wachedwa kunyamuka pa maloboti, kufatsa kotereku kunkaoneka ngati matenda. Makani ake onse ankasungira munthu mmodzi, Tawfik wometa tsitsi, ndipo nkhani yake inali imodzimodzi: mwa zimbale za gulu lija la roko la ku Mangalande, la anyamata a tsitsi lofika m'mapewa amene ankaliza magitala ngati akugwetsa nyumba, chabwino koposa n'chiti.

Tawfik ankati chachisanu. Aliyense wa makutu awiri ankati chachisanu. Wadih yekha ndiye ankati chachitatu, chimbale chimene ngakhale okonda gululo ankachitchula motsitsa mawu, ngati m'bale amene ali kundende.

Lachinayi lililonse masana ankaimika Benzi yake yakalekale pakhomo pa Tawfik, n'kukhala pampando wa odikira, kakapu ka khofi wowawa kali m'manja.

"Yafika mfumu ya agonthi," ankatero Tawfik, lumo lili pakhosi pa munthu. "Bwanji aise, makutu achira sabata ino?"

"Ali bwinobwino. Ako aja ndiwo anadzadza tsitsi la anthu."

"Tandiuza chimodzi chokha chabwino m'chachitatumo. Woimba ali ndi chimfine. Wa ng'oma akuchita ngati akugogoda pakhomo pa apongozi."

"Nyimbo yachinayi."

"Nyimbo yachinayi ili ndi chiyani? Mphindi zisanu ndi ziwiri za munthu akufunafuna pothera."

"Sunaimve bwino."

"Ndaimva kambirimbiri."

"Sunaimve bwino," ankabwereza Wadih, n'kumwa khofi wake. Mfundo zake zinkathera pomwepo. Ometedwa ankaseka, ena n'kuikirapo mlomo, ndipo Tawfik ankakwiya mokoma, chifukwa palibe chosangalatsa munthu wamakani kuposa mnzake wosagonja.

Chimene Tawfik sankadziwa n'chakuti Wadih sankanena za chimbale chimene chinkagulitsidwa m'masitolo. Ankanena za kaseti imodzi imene inkakhala m'kabokosi ka kutsogolo kwa takisi yake, yokulungidwa m'sokosi. M'kasetimo munali mawu a mkulu wake Nadim, ndipo kwina kulikonse padziko lapansi mawuwo kunalibe.

Anaijambula m'chaka chachisanu ndi chiwiri cha nkhondo yapachiweniweni imene inagawa mzindawo pawiri, Wadih ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Dokotala wa mano amene ankakhala pamwamba pa nyumba yawo ankanyamuka mawa lake kupita ku Canada, ndipo zimbale zake zinali kale m'makatoni. Nadim anamuchonderera mpaka dokotalayo anawapatsa ola limodzi ndi galamafoni yake. Sanasankhe n'komwe, Nadim anangotenga chimbale chimene chinali pamwamba pa katoni. Waya wolumikizira analibe, choncho anaika wailesi yawo ya kaseti patsogolo pa sipika, n'kulamula kuti aliyense akhale chete. Pakati pa nyimbo yachinayi Wadih anatuluka kukamwa madzi, n'kusiya chitseko chili yasa. Phokoso la kumsewu linalowa, mahutala ndi munthu wogulitsa mavwende. Ndiyeno pamene gitala ikutsika, pamamveka mawu a Nadim, pafupi kwambiri, ngati ali paphewa pako: "Wadih, tseka chitseko, bulu iwe, ukulowetsa Beirut yense m'kaseti." Kenako akuseka, kuseka kwa munthu amene akuyesa kudziletsa koma zikumukanika.

Patapita masabata atatu Nadim anaoloka kupita mbali ina ya mzinda kukafunira mayi awo mankhwala a shuga. Sanabwerenso. Panalibe mtembo, panalibe manda, panalibe ndi munthu woti anene kuti ndinamuona. Mayi awo anayenda ndi chithunzi chake m'misewu pamodzi ndi amayi ena mpaka miyendo inakana, n'kumwalira akudikirabe. Zithunzi zinalipo zingapo, koma chithunzi sichiseka.

Wadih anathyola timano tiwiri ta pamwamba pa kasetiyo, tija timene ukatithyola kaseti siijambulikanso. Ankaimvera kamodzi pa mwezi, m'mawa asananyamule munthu, galimoto ataiimika pansi pa mlatho, mawindo atatseka. Ikangofika pa kuseka kuja ankaizimitsa, n'kuibweza pang'onopang'ono ndi cholembera kuti makina asaikoke. Pachikuto pake panalibe mawu alionse, koma nambala 3 yolembedwa ndi dzanja la Nadim.

Nkhaniyi anauza mkazi wake Salwa yekha, kamodzi, asanakwatirane. Tawfik anadziwana naye nkhondo itatha. Iye ankadziwa kuti mnzakeyo anali ndi mkulu wake amene anasowa, koma mumsewu uja nyumba iliyonse inali ndi wake wosowa, ndipo amuna sankafunsana zimenezo. Pamenepa munthu akhoza kumukwiyira Wadih, ndipo n'koyenera. Zaka khumi ndi chimodzi za khofi wa Lachinayi, pakamwa pomwepo pamene pankatuluka "sunaimve bwino" pakanatha kutuluka mawu asanu oona. Koma Wadih ankaopa kuti akanena, Tawfik asiya kumutsutsa, ayamba kumumvera chisoni, ndipo Lachinayi lidzasanduka maliro. Mkanganowo ndiwo unkamulola kutchula nyimbo yachinayi sabata iliyonse popanda kulira.

Tsiku lina ali m'takisimo, Tawfik anamukakamiza kuti amve kaseti imene Wadih ankamverapo chachitatucho. Wadih anailowetsa monyinyirika. Nyimbo yoyamba isanafike pakati, Tawfik anali atagwira mimba ndi kuseka.

"Ichi ndiye wakhala ukundivutitsa nacho? Akuimba kapena akukazinga nsomba?"

Wadih anaizimitsa. Sabata yotsatira Tawfik anamugulira kaseti yatsopano ya chimbale chomwecho, ili m'pepala lake. Wadih anathokoza, n'kumubwezera.

"Ndili nayo yanga."

"Yako ija ndi mphepo yokhayokha."

"Sindimvera ina. Ndi yomweyo basi."

Tawfik anawasunga mawu amenewo, ndipo anawamva mmene munthu aliyense akanawamvera: kuti mnzakeyo amakonda kapulasitiki kakale kaja, monga ena amakondera chipewa chong'ambika.

Wadih atakwanitsa zaka makumi anayi mtima unayamba kumuvuta, ndipo anakagona kuchipatala masabata awiri kuti amuchite opaleshoni. Salwa anapereka makiyi kwa Tawfik kuti aziliza injini masiku ena, batire ingathe mphamvu. Tawfik anali ndi mantha aakulu. Ankameta anthu mokhotakhota, n'kumangoyang'ana mpando wa odikira. Ankafuna kumuchitira mnzake chinachake, ndipo atatsegula kabokosi kaja n'kuona sokosi, anaona ngati Mulungu wamuonetsa chochita. Anapita nayo kasetiyo kwa munthu wojambula nyimbo kumsika. Munthuyo anaitembenuza, n'kunena kuti timano n'tothyoka koma si vuto, anamatapo kaselotepi. Pasanathe ola, chimbale chachitatu chinali chitalowa mwatsopano m'kaseti yomweyo, choyera ngati madzi a m'botolo, nambala 3 ili pamalo pake.

Wadih anatuluka m'chipatala atawonda, akuyenda ngati wasenza mazira. Lachinayi loyamba Tawfik anatseka shopu masana, chinthu chimene sanachitepo ngakhale tsiku la ukwati wa mwana wake, n'kumutengera ku Benzi imene inali pamthunzi. Anamukhazika pampando wa dalaivala, iye n'kukhala mbali inayo, mwendo umodzi uli panja chifukwa cha kutentha.

"Ndili ndi mawu, aise, ndipo undimve bwino chifukwa sindidzabwerezanso. Masabata awiriwa ndamvera chachitatu tsiku lililonse. Ndinalakwa. Chikamveka bwino, nyimbo yachinayi ija ndi nyimbo. Wapambana."

"Wadwala iwe kapena ndine?" anafunsa Wadih akumwetulira.

"Dikira uone."

Tawfik anatsegula kabokosi, n'kutulutsa sokosi. Wadih anaona kaselotepi pamene panali timano. Anakaona bwinobwino. Kaseti inalowa. Gitala inayamba, yoyera, yopanda mphepo, yopanda kanthu kena kalikonse kumbuyo kwake.

"Wamva? Kaseti yako yomwe ija, sindinasinthe. Ndangoichapa."

Wadih anagwira chiwongolero ndi manja awiri. Nyimbo yoyamba, yachiwiri ndi yachitatu zinadutsa. Ankadziuza kuti mwina makina a kumsika sanafufute zonse, mwina pansi pake patsala kanthu. Nyimbo yachinayi inayamba. Anadziwa pamene hutala yoyamba imalira, ndipo sinalire. Wa mavwende sanaitane. Gitala inatsika pamalo paja, n'kungopitirira yokha, ndipo Wadih anamva kwa nthawi yoyamba mmene nyimboyo imayendera kuseri kwa mawu a mkulu wake. Inali nyimbo wamba.

Milomo yake inayenda yokha, pa nthawi yake yeniyeni. "Tseka chitseko, bulu iwe," anatero chapansipansi.

Tawfik analowetsa mwendo n'kutseka chitseko msangamsanga. "Pepa, phokoso. Koma wamva mmene ikumvekera?" Atatembenuka anaona misozi ikutsika pankhope pa mnzake, ndipo nayenso maso anafiira, chifukwa ankayesa kuti mphatso yake yafika pamtima. Anamusisita paphewa. "Usalire, mtima wakowo angousoka kumene."

Apa mpamene Wadih akananena. Anamuyang'ana Tawfik, mwamuna wonenepa wonunkhira sopo wometera, amene anatseka shopu chifukwa cha iye, amene anameza makani a zaka khumi ndi chimodzi kuti amusangalatse. Anaona kuti akanena, munthuyu sadzagwiranso lumo mowongoka moyo wake wonse.

"Wachita bwino," anatero. "Zikomo, m'bale wanga."

Kunyumba anauza Salwa ali chiimire pakhomo la kukhitchini. Salwa anakhala pansi, supuni ili m'manja. Anafuna kupita kwa Tawfik nthawi yomweyo, koma Wadih anamugwira mkono.

"Mukamuuza, ndataya awiri, achimwene ndi Tawfik yemwe," anatero.

Lachinayi lotsatira anapitanso kukamwa khofi, ndipo Tawfik anamulonjera ngati mfumu yeniyeni. Koma panalibenso chokangana. Anayesa za mpira, sizinakome. Patapita masabata angapo Wadih ananena kuti waganiza bwino, chachisanu ndiye chabwino.

"Iwe ndiwe wamisala," anatero Tawfik, maso akuwala. "Ine ndabwera kwako, iwe wathawira kwanga?"

Choncho mkangano unayambiranso chozondoka, Tawfik akuteteza nyimbo yachinayi ndi mtima wake wonse, Wadih akuinyoza. Ometedwa ankati ukalamba wamupatsa lilime, chifukwa tsopano anali ndi mfundo zambiri, zakuthwa, ndipo ankazinena ngati munthu amene nyimboyo inamulakwira. Anakangana choncho zaka zina khumi ndi zitatu, mpaka Tawfik anamwalira osadziwa kanthu. Wadih ananyamula nawo bokosi.

Takisi anaisiya maso atayamba kuchita mdima. Kasetiyo sanaitaye, chifukwa nambala 3 ija inali idakali dzanja la Nadim, koma sanaiikenso m'makina. Mawu aja ankawadziwa onse pamtima, ndipo nthawi zina ankawanena akutsuka mano kapena akumanga nsapato. Chimene chinayamba kuchoka chinali kamvekedwe kake. Poyamba ankati akatsinzina amamva Nadim. Kenako anazindikira kuti amene akumumva ndi iye mwini, nkhalamba ikuyerekeza mnyamata wa zaka makumi awiri ndi ziwiri.

M'mawa wina Salwa akusenda nyemba pakhonde, Wadih anakhala pafupi naye.

"Salwa," anatero, "achimwene ankaseka bwanji? Mawu awo anali aakulu kapena aang'ono?"

Salwa anasiya nyemba. "Ine sindinawaonepo, bambo. Mukudziwa."

"Koma kaseti ija munaimvapo."

"Simunandimvetsepo. Munkati mudzandimvetsa tsiku lina."

Wadih anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Kenako anatenga nyemba zingapo m'mbale ya mkazi wake n'kuyamba kumuthandiza kusenda.