Chipinda Chositira cha Pansi pa Hotelo

Ku ofesi amamutchula kuti Zikanakhala, ndipo dzinali anadzipezera yekha ndi pakamwa pake. Ukamufunsa kanthu, yankho lake limayambira pomwepo: "Nyumbayi ikanakhala ndi makina wamba..." kapena "Mazenerawa akanakhala aang'ono..." Anzake anatopa nazo n'kumupachika dzinalo, iye sanalikane. Ndi mayi wamfupi, wosachedwa kupsa mtima, amene akangofika pa desiki amavula nsapato n'kuponda simenti ndi mapazi. Tiyi wake amazizira ali m'kapu tsiku lililonse, koma yerekezani kumuchotsera kapuyo muone.

Ntchito yake ndi yovuta kufotokozera achibale. Samanga nyumba, sajambulanso mapulani. Ena akajambula nyumba yaikulu, iye amailowetsa m'kompyuta yonse: makoma, denga, mazenera, anthu amene adzakhalemo ndi nthawi imene adzakhalemo. Kompyutayo imawerengera magetsi amene nyumbayo idzadye pa chaka. Akatero amamanga ina yachiwiri m'kompyuta momwemo, yofanana ndi yoyamba ngati mapasa, koma yoikidwa makina wamba oziziritsa ndi otenthetsa mpweya. Yachiwiriyi sidzamangidwa mpaka kalekale. Amaitcha nyumba yoyezera, chifukwa ntchito yake ndi yomweyo basi. Nyumba yeniyeni ikamadya magetsi ochepa kuposa yoyezerayo, mwini wake amalandira chiphaso, ndipo a banki amamumwetulira.

Makina a m'nyumba yoyezera sasankhidwa ndi mtima. Pali buku lake la malamulo, lonenepa, limene Zikanakhala analithetsa chikuto. Bukulo limafunsa kuti nyumbayo ndi ya chiyani, ndi yosanjikizana kangati, ndi yotambalala bwanji, ndipo kumene ikumangidwako kumazizira motani. Zipinda zogona zimalandira kamakina kakang'ono pakhoma, chipinda chilichonse kake, koziziritsa m'chilimwe ndi kotenthetsa m'nyengo yozizira. Maholo ndi maofesi amalandira chimakina cha padenga chopopera mpweya m'mipope. Stolo yosungiramo katundu siilandira kanthu, poti makatoni satuluka thukuta. Ukalakwitsa pamenepa walakwitsa zonse, ngati telala amene wayeza nsalu ndi tepi yoduka. Zikanakhala amanyadira kuti ntchito yake sinabwezedwepo ndi oyang'anira.

Amene anamufikitsa pa desiki imeneyi ndi achimwene ake. Makolo atamwalira, iwo ndiwo anamulera, ali ndi ntchito yosita zovala ndi nsalu za pabedi ku hotelo ina ya m'tauni. Anayamba ntchitoyo ali mnyamata, ndipo imvi zawapeza simbi ili m'manja. Yunifomu ya mlongo wawo inkapita kusukulu yowongoka mpaka aphunzitsi kuchita manyazi ndi malaya awo. Mpaka lero akakumana, maso a achimwene amayamba afika pa kolala, moni pambuyo.

"Mlongo wangayu amamanga nyumba zosagona munthu," amatero kwa alendo, uku akuseka. "Sukulu yonse ija, nyumba yake ngakhale khoswe sangalowemo."

Koma akamanena zimenezi chifuwa chimakhala chili patsogolo. Ndipo Zikanakhala amawakonda achimwene akewo kuposa mmene pakamwa pake pamavomerera.

Chaka chatha achimwene anagwa ku ntchito, masana kukutentha. Anzawo anawathira madzi n'kuwabisa kuseri kwa mulu wa matawulo kuti akuluakulu asaone. Adokotala anati magazi akuthamanga kwambiri, ndipo malo otentha awapewe. Achimwene anamva za mapiritsi zokha, zinazo anazisiya pa benchi ya kuchipatala.

Ndiye tsiku lina pa desiki ya Zikanakhala panafika mapulani a hotelo yatsopano. Mwini wake anali yemwe uja wa hotelo ya achimwene. Zikanakhala anayamba monga mwa masiku onse. Zipinda zogona, kamakina pakhoma. Holo yodyera ndi malo olandirira alendo, chimakina cha padenga. Atatsikira pansi penipeni, pafupi ndi poimika magalimoto, anapeza chipinda chachitali chopanda zenera, cholembedwa kuti stolo ya nsalu. Anali atatsala pang'ono kuchidutsa. Koma pa pulani ya amagetsi, stolo imeneyo inali ndi masoketi akuluakulu mzere wonse, ndipo pa pulani ya mipope munkalowa paipi ya nthunzi. Nsalu zongosungidwa zimafuna nthunzi ya chiyani?

Apo anakumbukira zimene achimwene anakhala akudzitama nazo mwezi wonse, kuti hotelo yatsopano ikatha iwo ndi anzawo asamukira kumeneko, pansi, pa matayilosi oyera. Chipinda chake chinali chimenechi. Choziziritsa munalibe, kupatula fani imodzi pamwamba pa chitseko.

Anavala nsapato n'kupita kwa abwana ake, injiniya wamkulu, bambo wofatsa amene amadana ndi phokoso kuposa chilichonse.

"Bwana, chipinda ichi si stolo. Muzikhala anthu tsiku lonse, ndi masimbi, ndi makina a nthunzi."

Abwana anayang'ana pulaniyo nthawi yaitali. "Ojambula alemba kuti stolo."

"Alemba, koma si stolo."

"Mayi, ife timayeza zimene tapatsidwa. Mukachitenga ngati stolo, nyumba zonse ziwiri zikhala zopanda choziziritsa pamenepo, nambala zituluka bwino, aliyense apita kwawo. Mukaikamo anthu, buku likuti chiyani?"

"Likuti yoyezera ilandire makina akeake a chipinda chimenecho. Ndiye yeniyeninso iyenera kusunga mpweya woti munthu n'kupumamo. Apo ayi oyang'anira abweza."

"Ndiye mwaona nokha." Abwana anavula magalasi. "Sindikuletsani. Dzina losaina ndi lanu. Koma mwini hotelo uja ndimamudziwa, sakonda kuuzidwa kuti awonjezere kanthu."

Zikanakhala anabwerera pa desiki n'kuyesa mwakachetechete. Anaikamo anthu, masimbi ndi nthunzi, n'kusiya fani imodzi ija. Kompyuta inajambula chaka chonse cha chipindacho, ndipo miyezi yotentha inatuluka yofiira kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Kunali kotentha kuposa kumene achimwene anagwera kuja, pakuti ku hotelo yakale kunali mazenera. Anachita mantha, ndipo mkwiyo unabwera pambuyo pake.

Lamlungu masana anapita kwa achimwene. Anawapeza pakhonde akupukuta nsapato, mlamu wake akusoka batani. Anafotokoza zonse bwinobwino, mopanda mawu a ku ofesi.

Achimwene anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anaika nsapato pansi. "Iwe, kutentha unakuona liti? Ife tinabadwira momwemo. Zisiye."

"Achimwene, munagwa."

"Ndinadzuka."

"Uku mukupitaku kulibe zenera ngakhale limodzi."

"Ndiye ukufuna ukawauze kuti muli nkhalamba yodwala? Ndatsala pang'ono kupuma ndi ulemu wanga. Ana angawa sanamalize sukulu. Lemba stolo, mwana wa mayi anga. Palibe amene akakufunse."

Mlamu anadula ulusi ndi mano. "Musawamvere awa, alamu. Akabwera ku ntchito amagona ngati thumba, mutu ukuwawa. Ine umasiye sindikuufuna, ndikadali mtsikana."

"Mtsikana wa kuti iwe?" anatero achimwene, ndipo onse anaseka pang'ono. Koma pomuperekeza pa msewu anabwereza mawu aja motsitsa, osamuyang'ana kumaso. "Ndakupempha. Sindinakupemphepo kanthu."

Zinali zoona, sanamupemphepo kanthu. Zikanakhala anayenda nazo m'mutu masiku angapo, akukalipira aliyense wofika pa desiki yake. Akalemba stolo, achimwene akalowa m'ng'anjo ndi dzanja lake lomwe. Akalemba zoona, mwini hotelo akakamizika kugula makina, atukwana, koma agula, poti chiphaso akuchifuna. Umu ndi mmene ankaonera. Za matenda a achimwene sakatchula, dzina lawo sakatchula, akangonena za chipinda. Anadziuza kuti munthu wamkulu nthawi zina umamuthandiza iye akukana, monga mmene iwo ankamumwetsera mankhwala owawa ali mwana. Anaikamo anthu, anasankhira nyumba yoyezera makina a chipinda chimenecho monga buku linenera, n'kusaina.

Mwini hotelo anabwera yekha ku ofesi. Sanatukwane ayi. Anali munthu waulemu, wonunkhira bwino, amene anafunsa mafunso anzeru. Zikanakhala anamuonetsa miyezi yofiira ija, n'kumuonetsanso makina amene angafunike, ndi mipope yake, ndi mmene nambala ya chiphaso ingatsikire pang'ono koma osagwa.

"Ndiye vuto ndi loti mukhala anthu?" anafunsa mwini hotelo.

"Vuto ndi kutentha, bwana."

"Inde, koma mukapanda anthu ndi masimbi, ndi stolo?"

Zikanakhala anavomera. "Ndi stolo."

"Mwandithandiza kwambiri, mayi. Sindikanafuna kuti munthu adzakomokere m'nyumba mwanga." Anatembenukira kwa abwana. "Pali kampani yochapa imene yakhala ikundinyengerera. Amatenga m'mawa, amabweza madzulo zositasita. Ndinkazengereza chifukwa cha anthu anga akalekale, koma apa zaoneka. Chotsani masoketi ndi paipi ya nthunziyo. Chikhale stolo yeniyeni."

Anagwirana chanza ndi aliyense, n'kutuluka. Abwana sananene kuti ndinakuuzani. Anangobweza mpando pamalo pake n'kunong'ona kuti walira mvula walira matope, kenako anapempha kuti ntchito yokonzedwanso ifike pa desiki yawo lisanathe sabata.

Zikanakhala anaikonza. Panalibenso bodza loti akane, chipindacho tsopano chinalidi stolo. Anachotsa masimbi, anachotsa nthunzi, anachotsa makina amene anasankha aja, ndipo pa malo olemba chiwerengero cha anthu anafufuta n'kusiya palibe. Nambala zinatuluka zokongola kuposa poyamba. Oyang'anira sanabweze kanthu, ndipo chiphaso chinatuluka.

Hotelo yatsopano itatsegulidwa, ochapa ndi osita onse anauzidwa kuti ntchito yatha, ngakhale ku yakale komwe. Anawachitira kaphwando, anawathokoza ndi mawu abwino. Achimwene anabwerera kunyumba atanyamula wotchi ya pakhoma m'katoni.

Zikanakhala anatha milungu osapondako. Manyazi anamugwira miyendo. Amene anamuitana ndi mlamu wake, pa foni, mwachidule: "Bwerani, alamu. Kuthawa sikuchiza."

Anawapeza achimwene m'chipinda chochezera, atayala bulangete pa tebulo, akusita malaya a anthu apafupi ndi simbi yaing'ono ya m'nyumba. Mazenera onse anali otsegula. Nkhope yawo inali itadzaza pang'ono, maso oyera, ndipo Zikanakhala anaona yekha kuti munthuyu akupeza bwino m'thupi. Anaonanso kuti mwana wawo wamkulu, amene anayenera kukhala ku koleji mwezi umenewo, anali panja akutsuka njinga ya eni ake.

Zikanakhala anakhala pampando wa pafupi ndi chitseko, manja pamaondo. 

"Achimwene, ndinkafuna kuti akuikireni makina."

"Ndikudziwa."

"Sindinatchule dzina lanu."

"Ndikudziwanso." Anatembenuza malaya, n'kuyamba mkono wina. Sankaoneka okwiya, ndipo zimenezo ndi zimene zinamupweteka kwambiri. Akanamukalipira bwenzi atapeza poyankhira.

Anasita mkonowo mpaka kumapeto, anaimika simbi, n'kufunsa ngati munthu amene wakhala akuliganizira funsolo masiku ambiri.

"Tandiuza. Nyumba yako ija, yachiwiri ija, yosamangidwa. Kodi m'menemo unatiikira makina athuathu oziziritsa?"

"Ndinaika."

"Ndiye kumeneko tikadalimo? Tikusita pozizira?"

Zikanakhala akanatha kunama, ndipo palibe akanadziwa. Koma anali atazolowera kuyankha monga buku linenera.

"Ayi, achimwene. Lamulo limati anthu akhale ofanana m'nyumba zonse ziwiri. Atakuchotsani uku, ndinakuchotsaninso uko."

Achimwene anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati amva nkhani ya kutali.

"Ndi dzanja lako?"

"Ndi dzanja langa."

Ananyowetsa chala, anakhudza simbi kuti amve ngati ikadali yotentha, n'kutenga malaya ena pa mulu.