Timadontho Toyera pa Nsomba za Bambo

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene bambo anandisiyira nsomba zawo. Tinkakhala ku Zingwangwa, kumtunda kwa msika, m'nyumba ya zipinda ziwiri. Bambo anali odula magalasi a mawindo, ndipo zidutswa zotsala sankataya. Ndi zidutswa zimenezo anamata thanki yotalika ngati mkono wa munthu wamkulu, n'kuikhazika pakabati pabalaza. M'menemo munali nsomba zisanu ndi zinayi: timagupi ta michira yamawangamawanga, ndi ziwiri zakuda bii zimene ankazitchula kuti mamole. Yaikazi mwa zakudazo anaipatsa dzina loti Abiti. Aneba ankaseka kuti a Makwinja akuweta nsomba zosakwana ndi palilime pomwe, koma madzulo omwewo ankabwera kudzaima pakhomo n'kumaonerera.

Mwezi wa Juni chaka chimenecho bambo anapeza ntchito ya miyezi iwiri ku Mzuzu. Amayi ankalawirira kumsika kukagulitsa kaunjika, choncho nsomba zinagwera ine. Akunyamula chikwama, bambo anandiuza zinthu ziwiri zokha: chakudya chikhale chotsina ndi zala ziwiri, ndipo m'thanki musalowe kanthu kachilendo.

Sabata yoyamba ndinasunga mawu awo. Yachiwiri, mnzanga wa m'kalasi, Esnati, anandibweretsera timagupi tiwiri m'botolo lapulasitiki, toti achimwene ake anatopa nato. Tinali tokongola, kamodzi kamchira wofiira ngati moto. Ndinaganiza kuti nsomba si chinthu chachilendo pakati pa nsomba zinzake. Nditafika kunyumba ndinakhuthulira botolo lonse m'thanki, ndi madzi ake omwe.

Patapita masiku anayi kunagwa chiperoni, kuzizira kwa mtundu woti ngakhale makoma amanyowa. M'mawa mwake ndinaona Abiti ali ndi timadontho toyera pamsana ndi pazipsepse, ngati wina wamuwaza mchere wosalala. Pa nsomba yakuda tinkaoneka bwino kwambiri. Ndinadziuza kuti ndi thovu la pampu yopopera mpweya m'thanki, ndipo ndinapita kusukulu. Pobwerako timadontho tinali pomwepo, tina titafalikira pa timagupi. Abiti ankathamangira pamwala n'kudzikhula m'mbali ngati mbuzi pakhoma. Ndinakhala chete masiku awiri, mpaka kamchira wofiira kaja kanayandama chagada.

Amayi sanandikalipire. Anangoyang'ana m'thanki, kenako n'kundiyang'ana ine. "Ine za nsomba zamoyo sindizidziwa, Tiya. Pita ukaitane a Jafali."

A Jafali anali telala, makina awo anali pakhonde la nyumba yachitatu kuchokera kwathu. Asanayambe kusoka anagwira ntchito zaka zambiri kwa mmwenye wina ku Limbe, kumene ankasamala mathanki akuluakulu a nsomba. Anabwera atachokera kumzikiti masana, tepi yoyezera ili m'khosi. Anakoka mpando, nakhala patsogolo pa thanki n'kuyamba kuyang'anitsitsa nsomba imodzi ndi imodzi.

"Bwera pafupi," anatero. "Ukuona chiyani?"

"Timadontho, ankolo."

"Ta mtundu wanji? Totuwa ngati thonje, kapena tolimba ngati mchenga?"

Ndinayang'anitsitsa n'kuyankha kuti ngati mchenga, kalikonse pakokha. Anandiuza kuti thonje ndi matenda ena, a chuku, ndipo thovu limachoka nsomba ikagwedezeka. Anandilozera momwe timagupi tinapindira zipsepse, ndi momwe yakuda yaimuna inkapumira mofulumira pafupi ndi pamwamba pa madzi. Zonsezo pamodzi ndi kudzikhula kuja, anati, ndi matenda a timadontho toyera. Kenako anafunsa, osanditembenukira, ngati mwalowa nsomba yatsopano. Ndinaulula za botolo la Esnati.

"Eya. Tizilomboti sitigwa kumwamba. Tinabwera ndi alendo, kuzizira n'kutitsegulira khomo."

Anandifotokozera pang'onopang'ono, akujambula ndi choko chawo chosokera pakabati. Kadontho kalikonse ndi kachilombo kobisala pansi pa khungu la nsomba, ndipo kakakhala m'menemo palibe mankhwala angakafike. Kakakhuta kamagwera pansi m'timiyala, n'kuswa ana ambirimbiri osaoneka ndi maso. Anawo amasambira kufunafuna nsomba, ndipo nthawi yokhayo ndi imene munthu angawaphe. Choncho tinayenera kutenthetsa madzi kuti tizilombo tifulumire kutuluka, n'kuthiramo mchere woti tikumane nawo panja.

Anandionetsa pokwezera hita ya bambo, pang'ono lero, pang'ono mawa, kuti nsomba zisadzidzimuke. Anandituma mchere wamiyala kumsika, masipuni awiri aakulu pa ndowa iliyonse, wosungunuliratu m'kapu, wothira mwa apo ndi apo. Anati mwayi wanga ndi wakuti magupi ndi mamole amapirira mchere, pali nsomba zina zimene zikanafa nawo. Tsiku lililonse ndinayenera kuyamwa zapansi ndi kapaipi, kutulutsa ndowa imodzi, n'kubwezeramo madzi a pampopi ogona usiku wonse, a mchere wake. Pomaliza anakweza chala.

"Timadontho tikatha, usasiye. Uwerenge masiku ena asanu ndi awiri."

Ntchitoyo ndinaikonda kuposa momwe ndinkayembekezera. Ndikukumbukira kukoma kwa madzi a m'thanki amene ndinameza poyamba kukoka paipi, ndi momwe amayi anasekera mpaka kugwira chitseko. Magetsi akazima, monga ankachitira kawirikawiri, ndinkafunditsa thanki bulangete la bambo, kuyandamitsamo mabotolo a madzi ofunda, n'kumatunga madzi ndi kapu kuwathira kuchokera m'mwamba kuti mpweya ulowe. Manja ankachita dzanzi, koma mumtima ndinkamva kuti ndine munthu wofunika.

Tsiku lachisanu timadontho tonse tinatha. Abiti anabwerera kukhala wakuda bii ngati kale, akuthamangitsa anzake pa chakudya. Ndinayang'ana thanki ndi kuwala kwa pawindo, sindinaone kanthu. Panja anzanga ankasewera fulaye. Ndinadzifunsa kuti kodi munthu angapitirize bwanji kuchiza nsomba zochira. Ndinasintha madzi ndowa zitatu opanda mchere, ndinatsitsa hita, paipi ndinaikoleka pamsomali.

Sabata isanathe timadontho tinabwerera, tochuluka kuposa poyamba. Yakuda yaimuna inangoti mbuu thupi lonse, ndipo inafa m'mawa wa Loweruka. Ndinaikwirira kuseri kwa bafa, n'kupita kwa a Jafali ndikulira. Anaimitsa makina, nandilola kulira mpaka ndinatopa.

"Unawerenga masiku angati?"

"Sindinawerenge, ankolo. Zinaoneka zochira."

"Zinaoneka," anabwereza. Anang'amba kachidutswa ka nsalu yoyera, nandipatsa pamodzi ndi choko cha buluu. Anati tsiku lililonse ndikamaliza ntchito ndizilemba kamzere, ndipo ndizibwera kudzawaonetsa. Kunyumba kwathu anakana kupitako. Anati maso ndili nawo, manja ndili nawo.

Ndinayambiranso. Ulendo uno timadontho tinatenga masiku asanu ndi limodzi kuti tithe, ndipo pamenepo m'pamene panayambira chovuta chenicheni. Kutunga madzi, kusungunula mchere, kuyamwa timiyala tooneka toyera kale, nsomba zili gwa, zikusambira ngati sizinadwalepo. Palibe amene akanadziwa ndikanadumpha tsiku. Koma masana aliwonse ndinkadutsa pakhonde la a Jafali ndi kansalu kanga, iwo n'kungogwedeza mutu, phazi lili pamakina. Kamzere komaliza nditalemba, anandiuza kuti ndichotse mchere pang'onopang'ono posintha madzi, ndipo hita nditsitse momwe ndinaikwezera.

Bambo anafika Lachisanu, fumbi la basi lili m'tsitsi. Asanakhale pansi anapita pathanki, ndipo ndinaona milomo yawo ikuwerenga. Sindinadikire kuti afunse. Ndinawauza zonse, za botolo la Esnati, za masiku awiri amene ndinakhala chete, ndi za sabata imene ndinasiya. Anamvetsera mpaka kumapeto.

"Yaimuna ija ndinaisunga zaka ziwiri," anatero motsitsa mawu. Mawu amenewo anandipweteka kuposa chikwapu. Kenako anafunsa kuti ulendo wachiwiri anandithandiza ndani. Nditayankha kuti ndinachita ndekha, anayang'ana amayi, amayi n'kuvomera ndi mutu.

M'mawa mwake anatulutsa zidutswa za magalasi pansi pa bedi, nandiphunzitsa kugwira chodulira. Tinamata kathanki kakang'ono kokwana ndowa imodzi. Anati kameneko ndi ka alendo: nsomba iliyonse yatsopano izikhala m'menemo masabata atatu isanakumane ndi zinzake. Kathankiko anandipatsa kuti kakhale kanga.

Lero ndimakhala ku Machinjiri ndi ana anga awiri, ndipo pabalaza pathu pali thanki. A Jafali anatisiya kalekale. Ndikamakula m'pamene ndikumvetsa chimene ankandiphunzitsa pokana kubwera ulendo wachiwiri uja. Vuto likamaoneka, mantha amamugwirira munthu ntchito, ndipo aliyense amakhala wakhama. Masiku ovuta ndi aja chizindikiro chatha koma muzu ukadalipo, palibe wokuona, palibe chokuopseza. Ndaziona pa mankhwala a mwana amene kutentha thupi kwatsika tsiku lachitatu, ndaziona pa mkangano wa pabanja umene tonse tinaleka kuutchula tisanaukambirane. Nthawi zoterozo mtima umandiuza kuti basi zatha, pumula. Ndinaphunzira kuuyankha kuti ndamva, n'kudzuka m'mawa mwake kukachitanso zomwe ndinachita dzulo.