Mazira a aphunzitsi a Msiska

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi, ndili Fomu 2 ku Rumphi Boma, pamene ndinayamba kuba mazira a aphunzitsi athu a bayoloje, a Msiska. Pachisa ndinkasiyapo miyala yopaka choko, ndipo nkhuku yawo inkaifungatira mwaulemu wonse. Mpaka lero ndikaikumbukira ndimaseka.

Mazirawo sindinkadya ine. Achemwali anga a Tiyamike anali atabwera kuchokera ku Mzuzu akudwala, akutsegula m'mimba miyezi yambirimbiri. Ankadya ndithu, koma chitenje chinkawazungulira kawiri. Ine ndinkati vuto ndi ndiwo zamasamba za kwathu, choncho ndikawapatsa mazira anenepa. Ankalandira dzira lowiritsa, kulifumbata kuti manja afunde, n'kumanditcha kambava kawo.

Atandigwira, a Msiska sanandikwapule. Anandipatsa beseni la matumbo a mbuzi ya phwando lotsekera teremu kuti ndikatsuke pampopi, anzanga akusewera mpira. Fungo lake linali loti ngakhale ntchentche zinkayamba zaganiza kaye. Ndili mkati motukwana chamumtima, anabwera n'kunjuta pambali panga. Anatenga thumbo laling'ono, kulitembenuza ndi kamtengo, n'kuliviika m'madzi oyera, n'kundiuza kuti ndikhudze. Mkati mwake munali mofewa ngati thawulo latsopano.

Anandifotokozera, m'Chichewa chawo chokoka cha Chitumbuka, kuti kufewako ndi tizala ting'onoting'ono tosawerengeka, ndipo kalikonse kali ndi timitsempha ta magazi. Mano amaphwanya chakudya, chifu chimachisungunula, ndulu imaswa mafuta, koma chonsecho chimakhala chidakali panjira. Chimasanduka thupi la munthu pokhapokha tizalato tikachiyamwa n'kuchipereka m'magazi.

Ndinafunsa ngati zocheza kuti nanga munthu wodya dzira tsiku lililonse koma akutsegula m'mimba osaleka, zimatha bwanji.

"Tizalato timaperepeseka, mwana wanga," anatero. "Chakudya chimangodutsa ngati minibasi yodzaza, osaima pasiteji."

Kenako anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa kuti akudwala ndani. Ndinawauza. Anangoti pepani chomene, n'kundilangiza za madzi a mchere ndi shuga, phala pang'onopang'ono, ndi kubwerera nawo kuchipatala. Ndinatsuka matumbo otsalawo nditawerama kwambiri kuti a mpira asaone nkhope yanga.

Kuba sindinasiye. Mmawa wina ndikupisa dzanja pachisa ndinapeza dzira lotentha, lowiritsa kale, pambali pake pali kamchere kokulunga m'pepala. Zinapitirira choncho, ndipo m'kalasi a Msiska ankadandaula mokweza kuti agalu a ku Rumphi awamalizira mazira.

Achemwali anamwalira mvula yoyamba isanagwe. Dzira lomaliza sanalisende n'komwe, anangoligwira mpaka linazizira.

Mayeso a bayoloje ndinakhoza, ndipo funso la matumbo ndinaliyankha mosaganiza kawiri. Chimene ndikudziwa tsopano n'chakuti ukhoza kumufikitsira munthu chakudya pakamwa, koma kuchoka pamenepo ulendo wake suli m'manja mwako. Za mazira aja sindinapepese, ndipo sindidzapepesa. M'magazi mwa achemwali anga sanafike, koma manja awo ankafunda.